Pakamwa pa Khothi

"Musalowe komiti imeneyo, bambo ake mwana. Tsiku lina zamumsikazo zidzakupezani kukhothi, ndiye mudzaima mbali iti?"

Ndinanena zimenezi ndili chogwada pakhomo lolowera kuchipinda, ndikupukuta mwana yemwe anali atadzikhuthulira madzi otsukira mbale. Amuna anga ankamasula zingwe za nsapato zawo za kuntchito pang'onopang'ono, ngati zingwezo ndizo nkhani yaikulu m'nyumbamo. Amene anandiyankha ndi alamu anga, achemwali awo aakulu, omwe amagulitsa mapoto ndi mbale mkati mwa msika ndipo madzulo sadutsa pakhomo pathu osalowa.

"Ayambapo a Nanga-Zikavuta," anatero uku akuseka.

Limeneli ndi dzina lomwe anandipatsa nditangokwatiwa. Amati ine ndimaopa ngakhale mthunzi wa nkhuku. Anayamba kuwerengera mchimwene wawoyo mantha anga: kuti madzi a mwana ndimawiritsa kawiri, kuti ndikakhoma chitseko ndimabwereranso kukachigwedeza, kuti mvula ikangoyamba ndimathamanga kukazimitsa wailesi. Zonsezo n'zoona, ndipo ndinalibe pokanira. Koma zimene ndinanena tsikulo sizinali za mphenzi.

Amuna anga ndi womasulira pakhothi la majisitireti. Ntchito yawo ndi kuima pakati pa woweruza ndi anthu. Woweruza akalankhula Chingerezi iwo amatembenuzira m'chilankhulo chathu, munthu akayankha iwo amabwezera m'Chingerezi. Madzulo amenewo wapampando wa komiti ya msika, bambo wa golosale yaikulu ya pamphambano, anali atawaimitsa panjira n'kuwapempha kuti alowe m'komiti yomwe khonsolo inakhazikitsa. Inali ntchito yongodzipereka, yopanda malipiro. Anawauza kuti komitiyo ikusowa munthu wodziwa malamulo.

Atavula nsapato anandiyang'ana modekha n'kunena kuti iwo saweruza munthu. Amangonyamula mawu uku n'kukawatula uku, ngati wa wilibala. Kenako analoza panja, kungalande yomwe imachokera kumsika n'kudutsa kuseri kwa mdadada wa nyumba zathu. Anandikumbutsa mmene mwana anatsegulira m'mimba nyengo ya mvula, mpaka maso kulowa m'kati. Anati ngalandeyo ikonzedwa pokhapokha wina wa kuno akakhale pamene amagawa ntchito. Pamenepo anandigwira pofewa, chifukwa usiku wa kuchipatala uja sindinauiwale.

Ndinangofunsa chinthu chimodzi: ngati awauza a majisitireti.

"Zimene ndimachita ndikaweruka ndi zanga, mayi ake mwana."

Alamu anaomba m'manja, nati tsopano banja lathu lapeza mwamuna. Mwana naye anayamba kumenya supuni patebulo. Bambo ake amamutcha Jaji chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo onse awiri anaseka kuti ngakhale a Jaji avomereza. Ine ndinatola beseni n'kutuluka.

Poyamba zinthu zinayenda bwino moti ndinachita manyazi. Ngalande inakumbidwa, zinyalala zinachotsedwa, fungo linachepa. Pampopi amayi anayamba kundipatsa malo kutsogolo. Koma ine maso anga sagona. Ndinaona kuti wapampando amaitanitsa misonkhano nthawi yomwe khothi langotseka, kotero amuna anga amafika atavala jekete ndi tayi, baji ya kuntchito ili pachifuwa. Misonkhanoyo inkachitikira pakhonde la ofesi ya msika, poonekera aliyense, ndipo mpando wawo unkaikidwa kudzanja lamanja la wapampando. Tsiku lina ndikudutsa ndinamva bamboyo akuuza ogulitsa nsomba omwe ankadandaula za malo kuti alankhule mosamala, pakuti pano pali a khothi. Amuna anga anamwetulira n'kuweramitsa mutu. Nditawafunsa kunyumba anati ndi nthabwala chabe za achikulire.

Pachipata cha msika pankakhala amayi ogulitsa pansi: a tomato, a masamba, a makala. Mmodzi wa iwo sindingamutchule ngati munthu wamba. Mayi wa makalayu ndi amene anandiperekeza kuchipatala tsiku lomwe matenda a uchembere anandiyamba amuna anga ali kuntchito. Anasiya makala ake pamsewu, anandigwira m'chiuno ndi manja akuda biii, ndipo nsalu yoyamba kukulunga mwana wanga inali yake. Kuyambira pamenepo ndikapita kukagula amandiwonjezera timakala tiwiri titatu, amvekere n'ta mwana wake, kutanthauza wangayu.

M'mawa wina Loweruka ndikusankha tomato pachipatapo, chimkuzamawu chinalira. Mawuwo ndinawadziwa asanamalize chiganizo choyamba. Amuna anga anali ataima pa benchi, wapampando ali pambali pawo manja kumbuyo. Sanalankhule ngati mmene amalankhulira kunyumba. Analankhula ndi mawu a kuntchito aja, apang'onopang'ono, osakwera osatsika, opanda chisoni komanso opanda mkwiyo. Anati komiti yalamula kuti onse ogulitsa pachipata asamukire kuseri, pafupi ndi dzala, ndipo wokana adzachotsedwa ndi alonda a khonsolo.

Mayi wina pafupi nane anafunsa mnzake ngati limeneli ndi lamulo la komiti kapena la khothi. Mnzakeyo anamuyankha kuti, kodi mawuwo sukuwamva? Ndinalipira tomato osawerenga, ndinakokera mwana kumsana n'kubwerera kunyumba.

Madzulo ake amuna anga anandifotokozera kuti kuseriko kudzasalazidwa n'kufoleredwa, ndipo pachipata pakufunika kukhale njira yoti galimoto zizilowa. Anati wapampando anawapempha kuti alengeze chifukwa iwo ndiwo amamveka bwino. Ndikukhulupirira kuti iwo ankakhulupirira zimenezo. Koma sabata isanathe lole inatsitsa njerwa pachipata pomwepo. Alamu anabwera akunong'ona, maso akuwala, kuti pamangidwa mashopu, aakuluwo ndi a wapampando ndi a khansala, ndipo kakang'ono ka pakona awalonjeza iwo. Amuna anga anasiya chakudya m'mbale, nakakhala panja mpaka udzudzu unawabweza.

Amayi aja anakana kusamuka. Kuseriko kunali matope ndi ntchentche, ndipo palibe wogula amene akanazungulira mpaka kumeneko. Alonda atabwera anayamba kuponya katundu wa anthu m'galimoto. Mlonda wina atakoka thumba la makala, mayi wa makala anamumenya ndi beseni kumaso, dzino linagwa. Apolisi anamutenga tsiku lomwelo, ana ake atatu akuthamangira galimoto mpaka pamphambano.

Usiku woti mawa lake mlandu ulowa, ndinadikira kuti mwana agone ndipo ndinawapempha amuna anga kuti akauze a majisitireti m'mawa, kuti papezeke womasulira wina. Anati wina palibe, mnzawo anasamutsidwa ndipo m'malo mwake simunabwere munthu. Ndinati ndiye mlandu uimitsidwe mpaka apezeke. Anati akakanena tsopano adzafunsidwa chifukwa chimene sananene poyamba. Anati pali lamulo kuntchito kwawo loti wogwira ntchito kukhothi asalowe m'makomiti otere asanapemphe chilolezo, makamaka amene nkhani zake zingadzafike pamaso pa khothi lomwelo.

"Ndiye munkadziwa?"

"Ndinkayesa ndi za akuluakulu, oweruza. Ine ndine ndani?"

Anati ntchito ikatha tidzadya chiyani, nanga nyumba ino tidzakhalamo bwanji. Anati adzamasulira mawu aliwonse monga mmene alili, palibe chidzalakwike, ndipo mlandu ukangotha atula pansi za komitizo mwakachetechete. Ndinagona nditayang'ana kukhoma, ndikumva mmene akupumira. Nawonso sanagone.

Sindinawauze kuti ndipita kukhothi. Ndinabereka mwana, ndinalowa mochedwa n'kukhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Chipindacho chinali chodzaza ndi anthu a kumsika, fungo la nsomba ndi thukuta lili thoo. Kutsogolo kunakhala wapampando atavala suti yotuwa. Chakumbali kunaima mchimwene wake wa mayi wa makala, bambo wogulitsa nyama, wamtali, yemwe salankhulalankhula. A majisitireti ndi mayi wachikulire wochokera kutali, kumene amalankhula chilankhulo china. Chilankhulo chathu amangodziwa moni ndi zikomo. Amalankhula motsitsa, maso ali pa zolemba zawo, moti kumbuyoko sumva kanthu. Chimene anthu amamva m'chipinda chimenecho ndi amuna anga.

Mlonda anaonetsa pamene panali dzino. Mayi wa makala sanakane kuti anamumenya. Atafunsidwa ngati ali ndi chonena, anagwira thabwa la bokosi lomwe anaimamo ndi manja onse awiri, natembenukira kwa a majisitireti.

"Amayi, funsani awa akulankhulawa. Ndi iwowa anatithamangitsa ndi chimkuzamawu. Ali m'komiti. Kumsika ndi iwo, kuno ndi iwonso. Ine ndikadandaule kwa yani?"

M'chipindamo munamveka kung'ung'udza. Ndinayang'ana amuna anga. Anakonza tayi. Kenako anatembenukira kwa a majisitireti n'kunena m'Chingerezi kuti woimbidwa mlandu akuti komiti inawathamangitsa ndi chimkuzamawu ndipo analibe kodandaula. Anathera pomwepo.

Ine sukulu ndinafika nayo Folomu 4, ndipo Chingerezi ndicho ndinkakhoza kuposa zonse. Ndinamva zimene ananena, ndinamvanso zimene anasiya. Wapolisi woimira boma pamlanduwo amadziwa zilankhulo zonse ziwiri, koma anangoweramira mapepala ake, poti zinamukomera. Wapampando anapendeketsa mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva nyimbo yomwe amaikonda.

Mayi wa makala anadikira. Anthu onse anadikira kuti a majisitireti adzutse mutu, ayang'ane womasulira wawo, afunse. A majisitireti analemba, natembenuza tsamba. Ndinamva mayi wina kutsogolo kwanga akuuza mnzake kuti waona, awauza koma sizikuwakhudza, ndi amodzi anthu amenewa.

Chigamulo chinatuluka ndi mawu omwe aja a pa benchi ya kumsika. Pa chigamulo womasulira salankhula kuti "akuti", amalankhula ngati mwini mawu. Ndiye anthu anamva mwamuna wanga, bambo wa mwana yemwe anali kumsana kwanga, akunena kuti: ndakupeza wolakwa, ndipo ndikukutumiza kundende miyezi isanu ndi inayi. Pomutulutsa, mayi uja sanayang'ane iwo. Maso ake anayenda m'mabenchi mpaka anandipeza, anatsikira pamutu pa mwana, n'kubwereranso pa ine.

Kuyambira tsiku limenelo pampopi pankati zii ndikafika. Palibe anandinyoza. Ankangosuntha zidebe zawo kuti zisakhudzane ndi changa. Makala pamsika anatha kwa ine ndekha: ndikafunsa amati awa ndi ogula kale, thumba lili lodzaza. Ndinayamba kukagula kutali, kutsidya kwa msewu waukulu, kumene sandidziwa. Ana a mayi uja anatengedwa ndi amalume awo a nyama, ndipo m'mawa uliwonse ankadutsa pakhomo pathu popita kusukulu, wamng'onoyo atagwira malaya a wamkulu. Njira ya kusukulu siidzera kwathu. Wina anawauza kuti azidzera pamenepo.

Amuna anga ankapita kuntchito molawirira n'kubwera kutada. Kumisonkhano ya komiti anasiya kupita, koma sanatule pansi udindo. Ndikafunsa ankati akudikira kuti fumbi litsike.

Masana ena ndinali kuseri ndikuyanika zovala. Mwana ndinamusiya pakhonde akusewera ndi zivundikiro za mapoto, ndipo phokoso lakelo ndi lomwe linkandiuza kuti ali pomwepo. Ndinayanika malaya awiri, n'kuzindikira kuti phokoso lasiya. Ndinazungulira nyumba ndikuthamanga. Pakhonde panali zivundikiro zokha.

Ndinayang'ana m'nyumba, pansi pa bedi, kuchimbudzi, m'ngalande. Aneba anali pamakomo awo, wina akusoka, wina akupeta, ndipo nditawafunsa ndi maso anangoyang'ana kumbali. Nditafika pamsewu ndinamuona bambo wa nyama akubwera kuchokera kumsika, osafulumira, epuloni yake ili ndi madontho a magazi, mwana wanga ali paphewa pake akuseka, atagwira kabisiketi.

Anaima patsogolo panga. Sanandipatse mwanayo nthawi yomweyo. Anayamba wamupukuta pakamwa ndi chala chachikulu.

"A Jaji aang'ono anafuna kuona msika," anatero motsitsa. "Muziwasamala, mayi. Mwana akasowa mayi ake amavutika. Ine ndikuwaona kwanga."

Dzina limenelo timalitchula m'nyumba mokha. Ndinalandira mwana, ndinamulanda bisiketi n'kuiponya m'ngalande, iye n'kuyamba kulira. Ndinalowa, ndinakhoma, ndinakankhira tebulo kuchitseko. Ndinamuvula zovala zonse n'kumuyang'ana thupi lonse, m'khwapa, m'kamwa, kumapazi. Analibe kalikonse. Ndinakhala pansi naye mpaka dzuwa linapendeka, ndikumvetsera phazi lililonse lodutsa panja.

Amuna anga atamva anafuna kupita kupolisi. Ndinawafunsa kuti akanena chiyani, kuti munthu wabweza mwana ndi bisiketi? Tili mkati mokangana, panja panamveka odi. Anali wapampando. Analowa akupukuta thukuta, anakhala pampando wa amuna anga osauzidwa, nandipempha madzi akumwa akunditchula kuti mlamu. Ndinapita kuchipinda koma chitseko ndinasiya chotsegula pang'ono.

Anayamba ndi kudandaula kuti komiti yawasowa. Kenako anati amayi a pachipata apeza loya wa bungwe lina ndipo akufuna kukaimitsa ntchito yomanga kukhothi komweko. Iye sakupempha zambiri, akungofuna kudziwa tsiku lomwe nkhaniyo ilowe ndi zimene alemba, kuti makoma akhale atafika kale pamwamba. Amuna anga anati zimenezo sangachite, ndipo anali pafupi kulemba kalata yotula udindo. Bamboyo anaseka mokoma mtima, namwa madzi.

"Achimwene, ine Chingerezi ndinaphunzira pang'ono. Tsiku lija munamasulira bwino kwambiri. Ndinauza a khansala kuti uyu ndi wathu, amadziwa mawu oyenera kufika ndi oyenera kutsala panjira. Zoterezi a majisitireti atazimva angakhumudwe. Ndiye tiyeni tizisungirana."

Ananyamuka, anagwedeza kadzanja ka mwana, natsanzika mwaulemu. Amuna anga anakhala pomwepo ataweramira pansi. Nditatuluka anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva kuti akufuna tsiku la mlandu. Zinazo sindinatchule, iwonso sanatchule. Tinadya osayang'anana.

Patapita masiku angapo, dzuwa likulowa, ndinamva kukhulula kwa katundu kuseri kwa khoma. Nyumba zathu ndi za mdadada, denga limodzi, khoma limodzi. Nditasuzumira pawindo ndinaona aneba a kumanja, mayi wosoka uja, akutulutsa makina ake n'kuwakweza pa wilibala. Kenako matiresi. Kenako chikwama cha zovala. Sikunali kumapeto kwa mwezi, ndipo sanatchulepo zosamuka. Ndinatsegula chitseko n'kumufunsa ngati kwagwa zovuta. Anati akungokasungitsa kwa mng'ono wake chifukwa denga likudontha. Mvula inali isanagwe kwa nthawi yaitali. Polankhula ankayang'ana wilibala. Nditacheukira kumanzere, aneba enawo anali atakhoma kale ndi loko wamkulu, makatani atachotsa.

Pa benchi ya kutsidya kwa msewu, pamene masana pamakhala wokonza nsapato, panakhala amuna atatu omwe sindinawaonepo pamenepo. Sankacheza. Ankangokhala.

Alamu analowera khomo la kuseri, chinthu chomwe sanachitepo. Analibe nthabwala. Mpango unali utapendekeka ndipo ankapuma ngati athamanga. Amuna anga anali atangofika, jekete lili m'manja. Alamu anatiuza monong'ona kuti mayi wa makala anali woyembekezera, mimba yaing'ono yomwe sanauze munthu, ndipo wagwa kundende akugwira ntchito. Amutengera kuchipatala akutaya magazi. Mimba yapita padera, ndipo iye mwini sakudziwika ngati afika mawa. Anati kumsika anthu atseka msanga, amuna asonkhana kuseri kwa butchala, ndipo mnyamata wa njinga yamoto wawauza kuti wina wagula mafuta a galimoto m'chigubu pomwe alibe galimoto. Amunawo akudikira uthenga wa kuchipatala. Alamuwo nawonso, anthu awatayira mapoto awo m'matope.

"Mlamu, tenga mwana," anatero akundigwira dzanja. Aka kanali koyamba kundiitana osanditchula dzina lachipongwe lija.

Amuna anga anati tisachite zinthu mopupuluma. Anati nyumba ya wapampando ili ndi mpanda ndi agalu, ya khansala ili ndi mlonda, n'chifukwa chake anthu akuyang'ana kuno, koma mtima ukatsika adzazindikira kuti womasulira saweruza. Anati tikathawa ndiye kuti tavomera mlandu womwe si wathu. Iwo anangonyamula mawu.

Ndinamuika mwana m'manja mwa alamu. Ndinatembenukira kwa amuna anga.

"Bambo ake mwana, ndinalipo tsiku lija. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mayi uja anakupatsani mawu anayi, inu munafikitsa awiri."

Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi ozizira. Alamu anafunsa kuti mawu ake ati. Amuna anga anakhala pansi pang'onopang'ono, jekete linagwera pasimenti. Anati akanakhala kuti ananena, mwina chigamulo chikanakhala chomwecho, poti dzino linagwadi. Ndinati mwina. Koma mlandu ukanaima, akanabwera womasulira wina, ndipo mayi uja akanadziwa kuti mawu ake afika. Anaphimba nkhope ndi manja. Kunja njinga yamoto inadutsa, tonse tinatchera khutu mpaka phokoso lake linazilala.

Atachotsa manja anati mawa m'mawa akagogoda ku ofesi ya a majisitireti khothi lisanayambe. Akawauza za komiti, za chimkuzamawu, za mawu omwe anasiya, ndi za pempho la wapampando. Ntchito ithe ngati ikutha. Mwina mlandu wa mayi uja ungaunikidwenso. Anandipempha kuti ndidikire tsiku limodzi lokha, ndione kuti achitadi, tikhale limodzi pamene zikuchitika.

Ndinawakhulupirira. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kuwamva akulankhula ndi mawu awoawo chiyambire nkhaniyi. Koma ndinayang'ana kudenga, kumitengo youma yomwe yagwira malata, ndi pawindo la kuchipinda lomwe lili ndi zitsulo zoti ngakhale mphaka sangadutse.

"Pitani mukanene. Koma mawa likamacha mwana uyu sakhala pansi pa denga ili."

Anafunsa kuti ndipita kuti. Ndinati kwa amayi anga, pa basi yoyamba ija imanyamuka kusanache. Anafunsa kuti ndidzabwera liti. Ndinati sindikudziwa, ndipo asandifunse zimenezo lero. Alamu anati tikadikire basiyo kwawo, koma tisatuluke tsopano amuna aja ali pa benchi, tidikire mdima ukhwime ndipo tidzere kuseri, m'mbali mwa khoma la msika. Mchimwene wawo akagone pakhonde la khothi ndi mlonda wa kumeneko. Amuna anga sanatsutse.

Sindinatenge zambiri. Zovala za mwana, buku lake la kusikelo, bulangeti, nsalu ziwiri. Nyali sitinayatse. Mwana ndinamuyamwitsa ngakhale ndinali nditayamba kumuletsa, kuti agone tulo tofa nato. Bambo ake anamunyamula kwa kanthawi, mphuno yawo ili m'tsitsi lake, kenako anam'goneka pabedi.

Chitseko chathu cha kuseri chimalira ukachitsegula, kulira kwake kumamveka mpaka pamsewu. Ndinatenga botolo la mafuta ophikira n'kugwada pansi. Mumdimamo mafuta ankangotayikira pasimenti. Amuna anga anabwera, anagwada pambali panga, analanda botololo mwakachetechete. Anadonthezera pa hinjesi ya pansi, anaimirira n'kudonthezera ya pamwamba, ine nditagwira chitseko. Kenako anandiuza ndi mutu kuti ndiyese.

Ndinachikoka pang'ono, ndinachibweza. Ndinachikokanso. Sichinalire.